Botolo la ana khumi

Yohane, Mavuto, tasiyani bawoyo. Inu mumangokumbukira zoti ndinabwera nditavala chitenje, jinzi ili pahandulo ya njinga. Lero mumve ulendo wonse, ndipo amene ati ndikunama aike nkhuku pano, tibetche.

Chinali chaka chija chikuku chinalowa kuno kwa Kapondo, chitangotenga mwana wa a Jere kuseri kwathuku. Achemwali anga a Esinati anali gone ndi malungo, alamu ali ku okushoni ku Lilongwe ndi fodya. Mwana wawo Tadala anali atangokwanitsa miyezi naini, yobayitsira katemera wa chikuku. Koma kusikelo ya kufupi anati filiji yathera palafini, katemera kulibe, yesani cha ku Mkanda.

"Iwe Lameki, ndiwe malume ake," anatero achemwali akundimangirira mwana kumsana. "Ukamugwetsa, upitirire konko ku Zambia."

Ndinanyamuka dzuwa likutuluka, kachigubu ka phala kali m'thumba. Mchenga wa msewu umenewo! Njinga inkamira mpaka chishalo. Chabwino, mpaka masipoko. Anyamata a kumadimba akukuwa, "Mwadzuka bwanji make mwana!" Khutu langa linali kumsana, kumvetsera ngati m'kulira kwa Tadala mulibe chifuwa, poti mwana wa a Jere anayamba ndi kukhosomola.

Padambo lina tcheni chinaduka. Mwayi wake panatulukira kalole konyamula mtedza. Dalaivala wake wa ku Chipata anati ine K15, njinga K5. "Mwana ni mahala, koma akaononga nshawa zanga muzalipila."

Ananditsitsa pa Mkanda dzuwa lili pamutu. Sikelo inali pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi china, ndipo inali itatha. Ndinangopeza a zaumoyo, bambo wamfupi wa dazi, akumangirira bokosi la katemera panjinga.

"Achimwene, mwachedwa," anatero. "Botolo latsala limodzi, ndipo ndi la ana khumi. Ndikalitsegula, pofika madzulo latha ntchito. Mawa ndili ndi mudzi wina. Nditayire ana naini chifukwa cha mmodzi?"

"Ndiye ndibwere liti, bwana?"

"Mwezi wamawa."

Mwezi wamawa! Mwana wa a Jere sanathe ndi sabata yomwe.

"Nanga anawo ndikawapeza ndine?"

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Pezani ngakhale asanu. Koma fulumirani, m'bokosimu mukutha kuzizira."

Ndinathamangira kumsika. Inu mumandidziwa pakamwa. Ndinakwera pamulu wa njerwa n'kuyamba: "Amayi inu, kwathu chikuku chagwira ndi atambala omwe, akulira mosasa mawu! Ng'ombe zatuluka zidzolo! Mawa chifika kuno pa matola!" Amayi kuseka, kugwirana mapewa. Wina anati, "Mnyamatayu ngwa zisudzo eti?" Koma woimirira kukatenga mwana panalibe. Ena amati akusankha fodya, ena amati jakisoni amatenthetsa thupi.

Mabodza anandithera. Ndinangopezeka ndikunena za mwana wa a Jere, kuti kabokosi kake kanali kakang'ono moti bambo mmodzi anakanyamula yekha m'manja mpaka kumanda. Pamsika panati zii.

M'chetemo ndi m'mene ndinazindikira kuti kumsana kwanganso kuli zii. Tadala uja analira njira yonse. Tsopano mutu unali lende, thupi likunditentha pamsana. Ndinamugwedeza. Palibe. "Tadala!" Palibe. Anzanga, manja anakana kumasula chitenje. Ndinkangoona nkhope ya achemwali.

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anadumpha beseni lake n'kumumasula. Anamuyang'ana m'maso, m'kamwa, kuseri kwa makutu. Tadala anayasamula, n'kutambasula dzanja kulanda chitumbuwa chimene mayiwo anali nacho.

"Wangogona uyu, wapsa ndi dzuwa," anatero. "Inu a malume, mwana saimikidwa padzuwa ngati thumba la chimanga." Kenaka anatembenukira anzawo. "Anaphiri, wanu uja anabayitsa? Nanga inu make Dalitso? Tiyeni, zitumbuwa sizithawa."

Tinabwerera kumtengo kuja ndi gulu la amayi zana limodzi. Chabwino, ana anali seveni. A zaumoyo tinawapeza mwendo uli kale papedulo. Anawerenga mitu, anatsika, anatsegula botolo. Tadala anabayidwa woyamba, ndipo analira mpaka anamumva pa Boma. Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo.

Tcheni anandilumikizira pamsika pomwepo, ndipo ndinafika kuno dzuwa likulowa. Achemwali anayamba ayang'ana kaye pobayidwa paja, kenaka ndi pamene anandifunsa ngati ndadya. Chikuku chinazungulira mudzi uno miyezi ina, koma Tadala ndi uyo mukumuona akuthamangitsa mbuziyo. Ine chimene ndinatolapo n'chakuti bodza langa limaseketsa anthu, koma silinyamutsa munthu pamphasa.

Tsono za chitenje chija. Anandibwereka ndi mayi a zitumbuwa aja, jinzi nditaichapa pamjigo. Ndinakuuzani kuti anandinyowetsa ndi Tadala, ndipo munakhulupirira zaka zonsezi. Koma taganizani bwino, anthu inu. Mwana anali kumbuyo. Jinzi inanyowa kutsogolo.