Mlatho wa Mwala M'chipinda Nambala Naini

Sukulu ndinaisiyira Fomu 2 nditatukwanizana ndi ahedi. Nditabwera kunja kuno, ntchito ya kuweyahausi yosungira katundu ku Corby inandithera chimodzimodzi, pakamwa pomwepa. Ndiye azakhali anga, omwe ndi anesi, atandipezera malo panyumba yosamalira okalamba ku Beaumont Leys, anandiuziratu: "Iwe, kuno ukangokweza mawu kamodzi, basi yatha. Ine sindikakupepesera kwa munthu." Ndinali ndidakali pa miyezi yoyesedwa.

M'chipinda nambala naini munkakhala madala ena achizungu oyenda pa wilutcheya, omwe kale ankaphunzitsa zojambula. Pakhoma panali chithunzi chimodzi chokha: chimwala cha ku America chobowoka pakati, chili ngati mlatho, koma wosamangidwa ndi munthu. Pamwamba pake patamera mitengo, pansi kamtsinje. Chinali chosindikiza chabe, chenichenicho anachijambula ndi burashi kalekale makamera asanabwere. Koma dzuwa lomwe linkawomba mwalawo, kufiira kwakeko, unkachita kumva kutentha m'zikhatho.

Chinkandinyansa n'chimodzi. Anachipachika m'munsi zedi, chapamchombo panga, pafupi ndi bini ya zinyalala. Kwathu ku Dedza chithunzi chaulemu chimakhala m'mwamba, kufupi ndi malata, chitawerama pang'ono, pomwe ana sangafikire. Cha ukwati wa bambo ndi mayi chikadali komweko. Ndiye tsiku lina madala ali kokadya, ndinapeza hamala ndi msomali, kukwera pampando, n'kuchikweza. Ndinatsika ndikudziyamikira.

Masana belu la nambala naini linalira osalekeza. Ndinapeza amanijala apanyumbapo ali kale m'katimo, azakhali ataima pakhomo, madala akuloza kukhoma.

"Ndani wandichotsera anthu anga?" anafunsa madalawo.

"Anthu ati? Palibe chasowa muno," ndinatero, mutu utayamba kale kutentha. "Ndachichotsa pazinyalala, ndiye ndalakwa?"

Amanijala anafunsa amene anandiloleza kugwira hamala. Yankho ndinali nalo, lakupsa bwino, lili kale pa lilime. Azakhali anangonena chapansipansi m'Chichewa: "Meza zimenezo, mwana iwe."

Ndinameza. Zinawawa pakhosi ngati mbatata youma.

"Mnyamata," anatero madala, "chitsitse, kenako ugwade apa pambali panga."

Ndinachibwezera pamsomali wake wakale n'kugwada. M'pamene ndinawaona. Kunsi kwa mlathowo kunali tianthu tiwiri ndi hatchi, tating'ono ngati njere za mpunga, kamodzi katavula chipewa, kakuloza kumwamba. Masabata onsewa ndikupukuta galasi la chithunzi chimenechi, osationa!

"Wojambulayu anali wochenjera," anatero madala, mawu atatsika tsopano. "Popanda awiriwa, uwu ndi mwala wamba, ungauike m'thumba. Ukawaona, mwala umakula, iwe n'kuchepa. Komwe unachiika kuja maso angawa safikako."

Zoonadi. Nditangotipenya tianthuto, chimwala chija chinanyamuka, kutalika m'maso mwanga. Khosi langa linkafuna kuyang'ana kudenga chithunzi chili pamphuno panga pomwepa. Ndinaona ming'alu, iliyonse ndi mthunzi wakewake, ndi mizu ya mitengo ikukakamira m'mphepete. Munthu ameneyu anakhala pansi pa mwala masiku angati, dzuwa likusuntha, iye osapsa mtima, osataya burashi? Ine ndikanaswa bolodi lojambulapolo tsiku loyamba lomwelo. Mawondo anachita dzanzi koma sindinadzuke.

Amanijala anafunsa madala ngati akufuna kupereka dandaulo. Ndinamva azakhali akupumira m'mwamba kumbuyo kwanga.

"Dandaulo la chiyani?" anatero madala. "Panyumba pano uyu ndi woyamba kuchiyang'ana. Koma bowo lomwe wabowola m'mwambamo alimate yekha. Ndipo hamalayo mumulande, asanakweze bedi langa."

Amanijala anaseka, n'kutambasula dzanja. Ndinakatenga hamala n'kuwapatsa ndi manja awiri. M'mawa mwake dzina langa linali likadali pa shifiti.