Madzi Amene Bernadette Anataya

Anzanga, Bernadette ndinakumana naye pamasitepe a nyumba ina ku Al Hilal, ku dziko la Aluya, nditasenza katoni ya madzi a dialysis.

"Imwe, muzathyoka msana! Gwirani pansi," anatero, m'Chinyanja cha ku Chipata.

Katoniyo inatsala pang'ono kundipulumuka. Ndinali nditatopa ndi kumva Chiarabu cha yalla ndi khalas basi.

Iye anali wantchito wa m'nyumbamo. Ine ndinkasamalira Baba, mkulu amene impso zake zinasiya kugwira ntchito. Usiku makina ankalowetsa madzi m'mimba mwawo kudzera m'kapaipi, kenako n'kuwatulutsira m'thumba pamodzi ndi zoipa zonse.

Madzi akakana kutuluka, makinawo ankalira. Ndiye ndidzuke, ndione ngati paipi yapindika, ndiwatembenuze Baba, mwina ndiwakhazike tsonga mpaka madzi ayambenso kuyenda. Akadzimbidwa, madzi ankakaniratu, tulo ndinkangoiwalako.

M'mawa lamulo linali limodzi. Usanataye thumba, liyang'ane pa kuwala. Madzi akachita mbuu ngati otsukira mpunga, ndiye kuti m'mimba mwalowa matenda, ndipo ndi kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwana wa Baba, Bwana Fahadi, anandiuziratu: "Any infection, khalas. You go home."

Za ine ndi Bernadette zinayamba ndi tiyi wa karak yemwe ankandisungira kukhitchini. Kenako Lachisanu, tsiku lathu la off, tinayamba kukhala mpando umodzi m'basi yopita kutchalitchi ku Abu Hamour. M'nyumbamo tinkadutsana ngati sitidziwana, chifukwa chibwenzi cha antchito chinali choletsedwa.

Tsiku lina anandiyang'ana nati, "Wickson, maso yako yafiira. Pita ukagone. Mathumba nizitaya ine."

Ndinamuonetsa kayang'anidwe kake.

"Akachita mbuu, undidzutse."

"Wallah, nizakuutsa."

Ndinamukhulupirira. Ndipo kunena zoona, ndinayamba kugona bwino.

Tinagwirizana zokaonana ndi abusa pa nkhani ya ukwati. Koma Baba akangodwala pang'ono, off yanga inkafa. Tinawalonjeza abusa kangapo osafika, mpaka Bernadette anayamba kufunsa ngati ndinali serious.

Lachinayi lina makina analira usiku wonse. Nditadzuka m'mawa wa Lachisanu ndinamupeza atavala kale chitenge chake chatsopano.

"Thumba linali bwanji?"

"Clear. Samba msanga, basi izatisiya."

Tinapita. Abusa anatipempherera, natiuza kuti tidziwitse ankhoswe kumudzi. Pobwerera anagona paphewa panga.

Madzulo tinawapeza Baba atagwira pamimba, thupi lili moto. Kuchipatala dokotala anafunsa za thumba la m'mawa. Ndinayankha kuti linali loyera. Anandiyang'ana mokayika.

Mawa lake Bwana Fahadi anatiimika tonse pabalaza.

"Who emptied the bag?"

Bernadette sanadikire n'komwe.

"Sir, me I don't touch those things. It's Wickson."

Ananena bwinobwino, mawu osanjenjemera. Ine ndinkangoyang'ana AC pakhoma. Ndikanatsutsa, akanafunsa chifukwa chake wantchito wa m'nyumba ankandigwirira ntchito yanga, ndipo tonse tikanakwera ndege. 

Baba anachira, koma kapaipi kaja anakachotsa. Tsopano amakatsukidwa magazi kuchipatala. Ine Bwana Fahadi anandipatsa tikiti yobwerera kwathu.

Tsiku lonyamuka, Bernadette anabwera pageti ngati akukataya zinyalala.

"Madzi yaja yanali mbuu pang'ono chabe," ananong'ona. "Ninaganiza kuti tizakamba tikabwerako... Nikanakuutsa sembe sitinapite kwa abusa."

"Nanga zija unanena kwa Fahadi?"

"Manje unafuna nichite bwanji? Nili na mwana ku Chipata, Wickson."

Za mwanayo ndinazimva koyamba pagetipo.

Taxi inafika, ndinakweza chikwama changa. Sitinagwirane chanza, kamera ya pageti inali pamwamba pathu.

Pano ndili ku Mzuzu. Ankhoswe anga ndinali nditawaimbira kale foni, ndiye amandifunsabe kuti mlamu afika liti.

Sindimuda, anzanga. Bodza loyamba ananama chifukwa chondifuna, lachiwiri chifukwa chodzifuna yekha, ndipo onsewo anawanena ndi nkhope imodzimodzi. Chimene chimandipweteka n'chakuti mpaka lero sinditha kuwasiyanitsa.