Tsabola M'mbale ya Galu

Sukulu ndinalekezera Sitandade 6 nditamenyana ndi mnzanga m'kalasi. Mayi atatopa nane ananditumiza ku Ndirande kwa amalume, omwe ankasula zidebe ndi mbaula kuseri kwa nyumba yawo. Ntchito yanga inali kudula malata ndi kutukwanidwa.

Kumeneko ndinatola galu m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo ali kamwana, nthiti zili pamtunda, mimba itafufuma ndi njoka. Amalume analola kuti akhale chifukwa akuba ankawavutitsa pa malata. Ine za ulonda sindinkaziganiza. Pakhomo ponsepo ndi iye yekha amene ankasangalala akandiona.

Agalu a ku Ndirande masiku amenewo ankadya nkhoko, mkute wosasa ndi zotola kudzala. Wanga sindinafune kuti azidya zimenezo. Ndinali nditagwirapo ganyu yotchetcha kapinga kwa mzungu wina ku Namiwawa, ndipo khukhi wa pamenepo, ndisanayambane naye, anandiuza kuti galu safuna mchere, komanso mafupa a nkhuku amasweka n'kumubaya m'matumbo. Ndinagwira zomwezo. Kuchigayo ndinkapempha madeya, n'kuwanunkhiza kaye, chifukwa a chuku amatsegula m'mimba. Phala ndinkaphika m'chitini changachanga, n'kusinjiramo mitu ya matemba, nthawi zina ndi nkhwani.

Ovuta anali mafupa a ng'ombe. Pageti la msika pankaima anyamata ofunsa khadi la chipani, ndipo ine ndinalibe. Ndinkazungulira kuseri kwa mpanda, komwe wogulitsa nyama wina, mkulu wachisilamu wa ku Mbayani, ankandiponyera mafupa okulunga m'pepala.

"Achimwene, galu wanuyo akudya bwino kuposa inu," ankatero. "Taonani khosi lanulo, ngati la nkhanga. Tsiku lina mudzamweko msuziwo."

Galu anakula, ubweya unasalala, chifuwa chinatambasuka. Koma mchira ankagwedezera aliyense, kaya wogula mbaula, kaya woledzera wosochera njira. Amalume zinawanyansa.

"Mphwanga, ameneyu ndi galu kapena mlamu wako? Galu wokhuta saluma. Um'mange, um'mane chakudya, uzimuthirira tsabola. Ukapeza mavu usinjiremo. Ndi mmene timachitira kuno."

"Tsabola amawotcha m'mimba, amalume."

"Unamva kwa azungu ako anakuthamangitsa aja?"

Ndinakana, tinakangana, nkhani inagona. Tsiku lina masana ndikuchokera kuchigayo ndinapeza galu ali pa tcheni patsinde pa mpeyala, akukwecha mlomo pansi, dovu lili chuchuchu, maso ali psuu. M'mbale mwake munali mkute wofiira ndi kambuzi wosinja. Amalume anali pampando akukhoma chidebe ngati palibe chachitika.

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinatola mbale ija n'kuigenda pa mulu wa malata, ndipo tsabola wina anathovukira amalume kumaso. Akazi awo anakuwa kuti ndapha munthu, anthu anakhamukira. Sanafe, diso lokha ndi lomwe linatupa, koma wokweza dzanja pa malume ake alibe womuikira kumbuyo. Aliyense ankangofunsa kuti, "Chifukwa cha galu? Galu weniweniyu?" Palibe amene anayang'ana kumpeyala kuja.

Anandiuza kuti nditenge zanga. Nditapita kukamasula tcheni ndinapeza pali loko.

"Wakulira pakhomo panga, ndi wanga," anatero amalume, atagwira nsanza yonyowa padiso.

Pogona ndinakapeza ku Bangwe, kwa mnzanga wonyamula katundu pa depoti. Poyamba ndinkabwerabe wapansi ndi mafupa, n'kumaponyera pamwamba pa mpanda amalume akapita kukagulitsa. Akazi awo anandiona. Uthenga unandipeza woti ndikadzapondanso adzakandinenera kwa tcheyamani kuti ndilibe khadi ndipo ndimanyoza chipani. Masiku amenewo mawu otere munthu ankasowa nawo. Ndinasiya.

Dzinja litatha mtima unandikanika. Ndinapita Lamulungu, onse ali kutchalitchi, n'kusuzumira pampata wa mpanda. Khosi la galu uja linali litanyuka ndi tcheni, ubweya utathothoka kumsana, ntchentche zili m'makutu. Ndinamuimbira likhweru. Anadzuka n'kundilumphira mpaka tcheni inamugwetsa chagada, akuuwa ndi mawu osasa omwe sindinawamvepo. Ndinamuitana, ndinamuitananso. Ankangondionetsa mano.

Mayi wina wogulitsa makala pafupi pomwepo anandikodola.

"Musayandikire, achimwene. Ameneyo analuma mwana wa eni ake sabata yatha, mpaka kuchipatala. Amalume anu akunyadira, akuti tsopano ndiye galu."

Mafupa ndinali nawo m'manja. Ndinawaponya mkatimo, iye anawakokera pansi pa malata akundilusirabe. Ndinatsetsereka njira ya ku Bangwe, ndipo ku Ndirande sindinapitenso.