Mapiri Atatu Pathabwa

Amisiri anamanga nyumba zambiri pamoyo wawo, koma m'dera lawo ankadziwika ndi mapiri. Akazi awo anali aphunzitsi a jogalafe, ndipo chaka chilichonse phunziro la mapiri ophulika likayandikira, ankati, "Amisiri, ana sangamve ndi choko chokha. Mundimangire."

Sukulu Amisiri sanapite nayo patali. Za mapiri anaziphunzirira pakhonde, atagwada pambali pa thabwa lalikulu lomwe ankamangapo mapiri atatu, Aphunzitsi ataima kumbuyo kwawo.

"Pansi penipeni pa nthakayi pamatentha moti miyala imasungunuka," ankatero Aphunzitsi. "Ikapeza mng'alu imakwera. Chiphalaphala chikakhala chamadzimadzi chimayenderera kutali, chikauma china chimabwera pamwamba pake. Phiri lake limatambalala ngati beseni lovundikira. Onjezani madzi."

"Simenti yamadzi chonchi nditamangira nyumba ya munthu angandithamangitse ndi fosholo."

"Lero kapitawo ndine. Madzi."

Limenelo linali phiri loyamba. Lachiwiri linali kaphiri kakang'ono ka phulusa ndi timiyala toponyedwa m'mwamba, togwera pafupi ndi dzenje lake. Limenelo Amisiri ankangothira mchenga kuchokera pamwamba, ngati mulu umene lole imasiya pamalo omangapo. Lachitatu ndiye linkadya tsiku lonse. Ankaika simenti yolimba, mchenga, simenti, mchenga, mpaka phiri litatalika n'kusongoka. Chiphalaphala cholimba chimatseka pakamwa pa phiri, mpweya n'kumadzikundikira mkati kufikira tsiku lophulika.

"Limeneli ndinu," ankatero Amisiri. "Mumakhala duu sabata yonse, kenako tonse kuthawa."

"Yang'anani ntchito yanu. Lapendekeka."

Palibe chaka chimene anamanga osadzudzulidwa, ndipo ankakankha wilibala kupita kusukulu akung'ung'udza mokondwa, ana akuwathamangira.

Tsiku lina choko chinagwa m'manja mwa Aphunzitsi ali pakati pa chiganizo. Kuchipatala anabwerako dzanja lamanja ndi mwendo zitafa, mawu atapita. Adokotala anati matenda a sitiroko ndi ovuta: mwina akumva zonse, mwina zochepa kwambiri. Amisiri anasiya ntchito zakutali. Anaphunzira kuwasambitsa, kuwapesa tsitsi, kuwamwetsa ndi supuni. Zonsezi sizinkawalemera. Chinkawadya mumtima chinali chimodzi: kodi munthu uja akadali m'thupi limeneli?

"Bambo, amayi amamwetulira aliyense," anatero mwana wawo wamkazi. "Dzulo anamwetulira munthu wosochera njira."

"Alimo amayi ako. Ungowasiya."

Loweruka lina masana Amisiri ananyamula akazi awo n'kuwakhazika pampando pakhonde. Anatulutsa thabwa lija, n'kuika kapu ya madzi pafupi ndi dzanja lamanzere, lomwe linkagwirabe ntchito. Kenako anakanda simenti yolimba gwa, n'kuyamba kulakwitsa dala. Anamanga phiri lalitali, losongoka ngati nyanga.

"Ili ndi lotambalala lija, Aphunzitsi," anatero mokweza. "La chiphalaphala chamadzimadzi. Ndakhoza, eti?"

Sankafuna mawu. Kukwinya nkhope kokha kukanawakwanira, kapena chala kukankha kapu ija. Anadikira, chipande chomangira chili m'manja. Aphunzitsi anayang'ana phirilo nthawi yaitali. Kenako anamwetulira, n'kugwedeza mutu movomera.

Amisiri anayesanso. "Ndipo chiphalaphalacho chimagwa kumwamba ngati mvula. Ndi zimene tikawauze ana mawa."

Aphunzitsi anagwedezanso mutu, mwaulemu, monga amachitira mlendo pakhomo pa eni ake.

Mwana uja anali ataima pachitseko. Anaona zonse.

Amisiri anakhala chigwadire mpaka simenti inayamba kuwaumira m'zala. Kenako anasamba m'ndowa, n'kupukutira manja pathalauza. Nsapato imodzi ya akazi awo inali itavuka. Anawaveka bwinobwino, n'kuwakonza kolala ya diresi.

"Kwayamba kuzizira," anauza mwana wawo osamuyang'ana. "Katsegule chitseko chakuchipinda."

Anawanyamula pang'onopang'ono, mutu wawo utatsamira paphewa, n'kulowa nawo m'nyumba.