Chilaso cha asibweni

Chaka chimene ndinabwera kuholide kuchokera kusekondale, nkhondo ya Azungu inali pakamwa pa aliyense ku Magodi. Amalume anga, amene kwathu timati asibweni, ankaimenyera pamowa. Ankati Jeremani atangowaona ndi chishango chawo angathawe n'kusiya nsapato. Mesenjala wa kuboma anawamva, n'kuwalemba dzina: Lachiwiri akapimidwe, akapezeka olimba akwere lole ya asilikali.

Asibweni anandipeza kukhola.

"Iwe wophunzila iwe, ndi matenda ati amene salola munthu usilikali?"

"Chilaso, asibweni."

Chilaso ndinkachidziwa, chinandigoneka milungu itatu kusukulu. Ndinawafotokozera mmene opima amachigwirira. Amagogoda nthiti ndi zala ngati munthu woyesa dzungu, kenako amaika paipi yawo pamsana n'kumvetsera. Wodwala akamapuma, mkati mumalira ngati zikopa ziwiri zikukhulana.

Masiku atatu ndinawaphunzitsa kuseri kwa nkhokwe. Mpweya azikoka theka, n'kuudula ndi kakubuula, dzanja lili m'nthiti. Chifuwa chikhale chouma, chamantha. Koma mutu wawo unali wouma kuposa chifuwacho: lero agwira kumanja, mawa kumanzere. Ndinatenga lumo n'kuwatema mphini zinayi kumanzere, ndi kupakamo mwaye, kuti asasokerenso. Pomaliza ndinapinda kachikopa kouma ka ng'ombe n'kuwaika m'khwapa, kuti akapanikiza kazilira.

Chinthu chimodzi chokha ndinawabisira, ndipo ndinabisa dala.

Lachiwiri ndinawaperekeza kuboma, ine n'kukhala pawindo la chipatala. Wopima anali dilesala, wothandizira dokotala, wachikulire, wa maso aulesi, amene anali atamva kale zifuwa za boma lonse. Anagogoda, anaika paipi.

"Pumani, adada."

Asibweni anapuma theka, nabuula bwino lomwe, napanikiza khwapa. Chikopa chinalira mpaka nkhuku ya pakhonde inatukula mutu.

Dilesala anachotsa paipi m'makutu pang'onopang'ono.

"Chilaso chanu n'chachikulu, adada. Ena timachita kufunafuna, koma ichi chimveka ndi panja pomwe. Muli madzi m'nthitimu. Tiwatulutse lelo."

Anatsegula kabokosi n'kutulutsa singano yaitali ngati munga wa nungu. Anaipukuta mosafulumira.

"Ilowela pati?" anafunsa asibweni, mawu atachepa.

"Apa pali mphinipa. Amene anakutemani anatithandiza, watisonyeza khomo. Kwezani mkono."

Mkono anakweza, inde, koma yonse iwiri. Chikopa chinagwa pansi. Munthu amene mphindi yapitayo samatha kukoka mpweya analumpha benchi, analumpha mpanda, anadutsa pakati pa msika wa Lundazi malaya ali kumanja, amayi a nsawawa akukumbatira malichero awo. Mamesenjala awiri anawatsata panjinga, ndipo anakawagwira kumtsinje chifukwa choti anaima kuti aganize za ng'ona.

Sajeni amene ankalemba anthu anaona liwiro lonselo ali pansi pa mtengo. Anati chiyambire ntchitoyi sanaonepo mapapo otere, ndipo pepala lawo analidinda asanafike n'komwe.

Mmawa mwake lole ikutenthetsa injini, asibweni anandikodola. Ndinaima patali pang'ono, pomwe ndodo siifika.

"Singano ija unali kuidziwa?"

"Inalowa mwa ine kawili, asibweni."

"Nanga osandiuza?"

"Munafunsa matenda. Mankhwala simunafunse."

Anayamba kuvula nsapato yatsopano ya boma kuti andigende nayo, koma sajeni anawakhazika pansi, lole n'kunyamuka.