A Teleza Sanatsemphe Mwana

Zoti a Teleza a kulayini yakumunsi anatsempha mwana wawo ndi bodza. Amene anayambitsa nkhaniyi ndikumudziwa, kungoti ndine ndemwe, choncho tisatchulane maina.

A Teleza anabwera kuno kuesiteti kuchokera ku Khonjeni ali mtsikana, ndipo athyola tiyi zaka khumi ndi zinayi. Manja ngati makina. Ukhondo ndiye usanene: matewera a Rhoda, mwana wawo wachitatu, ankayera kuposa malaya a kapitawo. M'mawa popita kumunda ankawachapa pamwala wa kumtsinje. Pochokera kusikelo yoyezera tiyi ankatunga madzi akumwa padziwe, mapazi ochepa kumunsi kwa mwalawo, n'kuthiramo kololini.

Koma m'mimba mwa Rhoda ayi ndithu. Kutsegula, kuleka, kutsegulanso, mpaka liwombo kulowa. Amuna awo, a Yesaya, atamva zonena zanga zija anati, "Amake Rhoda, mwanayu watsemphedwa. Ine sindinayende ndi munthu. Ndiye wayenda ndani?" Anawaletsa kuthira mchere m'ndiwo, n'kuwauza kuti mwezi ukatha apakire, azipita kwawo.

Kuchipatala ndinawaperekeza a Teleza ndi mwanayo, osati chifundo ayi, ndimafuna ndikamve ndekha. Anamwino anapereka madzi a thanzi, a mchere ndi shuga aja, ndipo atayeza chimbudzi cha Rhoda anati muli kachilombo kosaoneka ndi maso. Akuti kamatuluka ndi chimbudzi katavala chigoba, kamakhala m'madzi miyezi osafa. Mwana akamwa, kamaswa m'matumbo n'kuberekana, tiana take n'kuvalanso zigoba, n'kutuluka.

"Nanga kakatuluka si ndiye kuti wachira?" ndinafunsa ine.

"Kamabwereranso, mayi."

"Iii! Kamadziwa bwanji nyumba yake?"

A Teleza nawonso mutu unaima. "Koma asisitala, ine ndimathira kololini!"

"Chigobacho kololini sichimumva. Muziwiritsa madziwo. Kodi matewera mumachapira pati?"

A Teleza anatchula mwala wa kumtsinje uja.

A Yesaya atauzidwa anati za tsempho amazidziwa, koma kachilombo kovala chigoba sanakaonepo chibadwire. Komabe nkhuni zowiritsira madzi anakatola okha, nthambi zomwe anadulira m'munda wa tiyi. Matewera anayamba kuchapidwira m'beseni, madzi ake n'kumakatayidwa m'chimbudzi. Pano Rhoda akuthamanga, mchere unabwerera m'ndiwo, ndipo ku Khonjeni a Teleza amangopitako kukaona anthu. Ine mpaka lero sindimvetsa kuti kanthu kopanda miyendo kamazungulira bwanji ulendo wonsewo.

Zoona zake n'zakuti Rhoda ankamwa madzi otsika kuchokera pa matewera ake omwe.