Sabata Imene Malipoti Anachuluka

Tsiku loyamba kuwaona Mayi Halo, mayi wina wamasiye anawapeza atagwada kunsi kwa tebulo la malemu mwamuna wake, m'shopu yosokera mabuku, akufunafuna chingwe cha kompyuta. Magalasi awo anali omanga ndi waya. Anagwirapo ntchito yolumikiza mafoni zaka makumi awiri, ndiko kunachokera dzinalo. Ntchitoyo itatha, anaphunzira makompyuta imvi zitamera kale.

Wamasiyeyo anawaitanitsa chifukwa cha malipoti. M'mawa uliwonse makampani a imelo ankatumiza malipoti onena kuchuluka kwa makalata otumizidwa m'dzina la shopuyo, komanso ngati anali enieni. Ankabwera atatu kapena anayi. Sabata imeneyo anaposa makumi asanu.

"Ndi akuba, eti?" anafunsa wamasiyeyo chapansipansi. "Bambo anandisiyira dzina labwino basi. Likaipa, ndatha."

"Mtima m'malo, asisi. Tione kaye kumene achokera."

Mayi Halo anatsegula malipotiwo limodzilimodzi, akulondola ndi chala. Onse ankaloza malo amodzi, tsiku limodzi.

"Lachiwiri munalembera ndani?"

"Mphunzitsi mmodzi yekha, kumuuza kuti tatsegulanso. Adiresi ndinaipeza m'kope la bambo."

Mayi Halo ataiona adiresiyo, anaseka mpaka magalasi kugwa. Sinali ya munthu mmodzi ayi. Inali ya bungwe la aphunzitsi, ndipo kalata iliyonse yofika pamenepo inkapita yokha kwa mamembala onse. Choncho makampani onse a imelo a mamembalawo anatumiza malipoti awo.

"Si akuba amenewa, asisi, ndi makasitomala. Thamangani mukagule ulusi ndi guluu, mabuku ong'ambika ali m'njira."